Kalata yotseguka kwa Bambo Jimmy Haslam ndi Mayi Dee Haslam, eni ake timu ya Cleveland Browns

Olemekezeka Bambo ndi Mayi Haslam,

Ndikupatsani moni mwaulemu wonse, ndipo ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi banja lanu. Ine ndine mmodzi mwa anthu wamba amene nyengo ya mpira ikafika timavala bulauni ndi olenji Lamulungu lililonse. Sindinabadwire ku Ohio. Ndinafika ku Cleveland ndili wamkulu kale, mpira umene ndinkaudziwa uli wa miyendo, ndipo uwu wa ku America ndinachita kuphunzitsidwa ndi anansi anga mpaka unandilowa m'magazi. Ndalemba kalatayi poyera kuti anzanga ochemerera nawonso aiwerenge ndi kuigawana. Mulibe chipongwe m'menemu. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Amene anandiphunzitsa kwambiri ndi bambo wina wachikulire wa mumsewu wathu. Ali mnyamata, pa 27 Disembala 1964, bambo ake anamutengera ku Cleveland Municipal Stadium kukaona Browns ikuthibula Baltimore Colts ndi mapointi 27 kwa duu. Akamafotokoza za tsikulo amaimirira, n'kumasonyeza ndi manja mmene Frank Ryan ankaponyera mpira ndi mmene Gary Collins anauwakhira katatu konse kuseri kwa mzere. Akamaliza amakhala pansi, n'kukhala chete kanthawi. Chimenecho ndicho chikho chomaliza cha timu yathu. Zaka zoposa 60 zadutsa. Mnyamata uja tsopano amayenda ndi ndodo, koma wailesi yake sailephera kutsegula masewero akayamba.

Ndikudziwa kuti zaka zonsezi si zanu. Timuyi munaigula mu 2012, ndipo mabala ena munawapeza alipo kale. Mpira wa Brian Sipe umene unagwidwa ndi a Oakland Raiders mu Januwale 1981, ulendo wa mayadi 98 wa John Elway wa Denver Broncos mu Januwale 1987, mpira umene unapulumuka m'manja mwa Earnest Byner chaka chotsatira, zonsezi simunalipo. Simunalipo pa 6 Novembala 1995 pamene Art Modell, mwini timu wa nthawi imeneyo, analengeza kuti akusamutsira timu ku Baltimore, kapena pa masewero omaliza a chaka chimenecho pamene anthu anazula mipando ya m'bwalo n'kupita nayo kwawo akulira. Koma pogula timuyi munagula ndi mbiri yake yomwe. Munagula dzina la Paul Brown, la Otto Graham amene anafika m'masewero olimbirana chikho zaka 10 zotsatizana n'kupambana 7, la Jim Brown, komanso la Marion Motley ndi Bill Willis amene mu 1946 anali m'gulu la anthu akuda oyamba kubwerera mu mpira wa akatswiri pambuyo pa zaka zambiri za tsankho. Amene walowa ufumu amalowa ndi milandu ya pamudzi. Zotsatirazi ndi zimene zachitika inu muli pampando.

Choyamba ndi kusakhazikika. Chifikireni inu mwasintha aphunzitsi ngati malaya. Pat Shurmur anachotsedwa kumapeto kwa 2012. Rob Chudzinski, mwana wa ku Toledo amene anakula akuchemerera timu yomweyi, munamupatsa chaka chimodzi chokha, n'kumuchotsa usiku womwewo wa masewero omaliza a 2013. Mike Pettine anakhala zaka ziwiri. Hue Jackson, amene zotsatira zake zinali zoipa kuposa onsewa, ndiye munamusunga mpaka anatsogolera masewero 40, napambana atatu okha. Freddie Kitchens anabwera mu 2019, chaka chisanathe bwino anali atapita. Ku ofesi yosankha osewera nakonso kunali chimodzimodzi: Tom Heckert, Mike Lombardi, Ray Farmer, Sashi Brown, John Dorsey, onsewa anadutsa pampando umodzi pasanathe zaka 8. Aliyense wobwera amafika ndi nzeru zake, amataya osewera amene mnzake anasankha, amayamba kumanga maziko atsopano pamwamba pa maziko osatha. Mlimi amene amazula chimanga sabata iliyonse kuti aone ngati mizu yagwira sakolola kanthu. Chimene chimatipweteka n'chakuti pamene panafunika kudekha munafulumira, ndipo pamene panafunika kufulumira munadekha.

Zipatso zake tonse tinaziona. Mu 2016 tinapambana masewero amodzi mwa 16, tsiku lotsala pang'ono Khrisimasi pokumana ndi San Diego Chargers. Mu 2017 sitinapambane ngakhale amodzi. Masiku 635 anadutsa timu yathu isanalawe chipambano, mpaka usiku wa 20 Seputembala 2018 pamene Baker Mayfield analowa m'bwalo masewero ali pakati n'kugonjetsa New York Jets. Mu Januwale 2018 anthu zikwi anazungulira bwalo lathu pa chisanu chodula zala, akuguba chifukwa cha chaka chopanda chipambano. Ena anati akunyoza timu. Ine ndikuti munthu amene wasiya kukonda satuluka m'nyumba pa chisanu chotere. Anali anthu osowa pokadandaula.

Kuchokera pamene timu ya Browns inakhazikitsidwanso ku Cleveland mu 1999 kufika 2024, nyengo zimene tapambana masewero ambiri kuposa amene tagonja ndi zinayi zokha: 2002, 2007, 2020 ndi 2023. Gulu lathu la matimu mu ligi sitinalitsogolereko chichokereni 1989. M'ndime ya chipulula tapambanamo kamodzi chibwerereni timu, pa 10 Januwale 2021, pamene tinaswa Pittsburgh Steelers 48 kwa 37 kwawo komwe. Ku Super Bowl, masewero olimbirana chikho cha ligi masiku ano, sitinapondeko, ndipo matimu otere atsala anayi okha mu ligi yonse: ife, Detroit Lions, Jacksonville Jaguars ndi Houston Texans. Awiri omalizawo ndi ana, anabadwa mu 1995 ndi 2002. Timu imene inachoka kuno kupita ku Baltimore yatenga chikhocho kawiri.

Chachiwiri ndi nkhani ya quarterback. Kwa owerenga amene mpira uwu sauzolowera, ameneyu ndiye amalandira mpira poyamba pa sewero lililonse, ndiye amaponya, ndiye amawerenga mmene adani aimira. Timu ikhoza kukhala ndi zimphona paliponse, koma ikasowa munthu wokhazikika pamalo amenewa imakhala ngati ngolo yopanda woyendetsa. Pofika kumapeto kwa 2024, anthu 40 anali atayambapo masewero pamalo amenewa chibwerereni timu mu 1999. Mumzinda muno munali malaya otchuka a Tim Couch, mmodzi mwa oyamba pa anthu amenewa, amene pamsana pake ankamatapo dzina latsopano nthawi iliyonse wina akayesedwa n'kulephera, mpaka mndandanda unatsika kupitirira malayawo. Johnny Manziel munamusankha mu 2014 ndi chikondwerero chachikulu, pofika Malichi 2016 anali atachotsedwa. Ndiyeno mu 2018 munapeza Mayfield, amene anathetsa chilala chija n'kutipatsa chipambano cha ku Pittsburgh. Mu 2021 anasewera ndi phewa lovulala, zinthu sizinayende, ndipo mu Julayi 2022 munamutumiza ku Carolina. Anali ndi zofooka zake, palibe akukana. Koma atafika ku Tampa Bay anatsogolera timu yake kutenga gulu lawo mu 2023 ndi 2024, ife tikuonera pa kanema. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Apa ndiye pafika pa bala lalikulu, ndipo mundilole ndichedwepo.

Mu Malichi 2022 munagula quarterback Deshaun Watson kuchokera ku Houston. Munapereka mwayi wanu woyamba wosankha osewera achinyamata wa zaka zitatu, 2022, 2023 ndi 2024, pamodzi ndi mwayi wina wocheperapo. Munamulonjeza madola 230 miliyoni pa zaka zisanu, ndalama zonse zotsimikizika, kaya asewera kaya sasewera, chinthu chimene chinali chisanachitikepo mu ligi yonse pa mlingo wotere. Nthawi imeneyo anali atakhala chaka chathunthu osasewera, ndipo amayi oposa 20 anali atamusumira kukhoti pa nkhani za khalidwe losayenera. Ndinene mwachilungamo kuti iye anakana milanduyo, kuti ku Texas sanazengedwe mlandu wa upandu, ndiponso kuti madandaulo ambiri anathera pa kugwirizana kunja kwa khoti. Koma ligi inamuimitsa masewero 11 ndi kumulipitsa madola 5 miliyoni. Zonsezi munkazidziwa kuti zikhoza kubwera.

Pali amayi ambiri m'mipando ya bwalo lathu. Pali agogo amene anaphunzitsa zidzukulu zawo kuuwa ngati agalu a ku Dawg Pound (chigawo cha bwalo chokhala ochemerera aphokoso kwambiri), pali atsikana amene amakula atavala nambala ya Myles Garrett. Mayi Haslam, ndikulankhula ndi inu makamaka pamenepa. Ambiri mwa amayi amenewa anamva ngati awauza kuti ululu wa amayi anzawo ndi mtengo umene timu yavomera kulipira kuti ipambane. Ena anapinda malaya awo n'kuwaika m'sutikesi. Ena anapitiriza kubwera koma mtima uli gwa. Ndipo kupambana kumene kunalonjezedwa sikunabwere. M'nyengo zitatu zoyamba Watson anasewera masewero 19 okha. Nyengo yabwino ya 2023 inapulumutsidwa ndi Joe Flacco, bambo wa zaka 38 amene munamuitana ali kunyumba kwake, pamodzi ndi otchinga kumbuyo amene anagwira ntchito ngati akapolo. Mu 2024 tinapambana masewero atatu mwa 17.

Pa 20 Okutobala 2024 Watson anaduka mtsempha wa kuchidendene pokumana ndi Cincinnati, ndipo ena mwa ochemerera anakuwa mokondwera iye ali pansi. Zimenezo zinali zolakwika, ndipo ndikuzidzudzula monga anazidzudzulira Garrett tsiku lomwelo. Munthu wovulala samuseka. Koma ndikupemphani mudzifunse kuti anthu amene anapirira chaka chopanda chipambano osasiya timu anafika bwanji pa mkwiyo wotere.

Bambo Haslam, mu Malichi 2025 munavomera pamaso pa atolankhani kuti kugula Watson kunali kuphonya kwakukulu, ndipo munati udindo wake ndi wanu ndi Mayi Haslam. Ndikuthokozani chifukwa cha mawu amenewo, eni matimu ambiri sawanena. Koma munavomera za mpira zokha. Za mtima wa anthu simunanenepo kanthu. Komanso malipiro a chisankhocho sanathe. Ligi ili ndi malire a ndalama zimene timu iliyonse ingalipire osewera pa chaka, ndipo kontirakiti ija munaikankhira kutsogolo kangapo, kotero idzapitiriza kudya malo a osewera ena ngakhale mwini wake atachoka. Zaka zitatu zija zopanda mwayi woyamba wosankha ndi anyamata atatu aluso amene akanakhala msana wa timu lero.

Chachitatu ndi osewera amene unyamata wawo wathera pano. Joe Thomas anasewera kuyambira 2007 mpaka 2017, masewero ang'onoang'ono 10,363 otsatizana osatulukapo m'bwalo, analowa mu Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri a mpirawu, mu 2023, koma sanapondepo ndime ya chipulula ngakhale kamodzi. Nick Chubb anapereka bondo lake ku Pittsburgh mu Seputembala 2023, munthu wosalankhula zambiri, wongogwira ntchito. Garrett, mmodzi mwa otchinga oopsa kwambiri mu ligi, anapempha poyera mu Febuluwale 2025 kuti mumulole apite kwina chifukwa akufuna chikho. Munamusunga ndi ndalama zambiri, ndipo tinakondwa. Koma chimene anadandaula sichinali ndalama.

Chachinayi, chimene chandikakamiza kulemba, ndi bwalo.

M'mawa wa Lamulungu la masewero, dzuwa lisanatuluke bwino, magalimoto amakhala atadzaza kale ku Muni Lot, malo oimikapo magalimoto kumene ochemerera amasonkhana. Utsi wa nyama yootcha umasakanikirana ndi nthunzi ya m'kamwa mwa anthu. Mphepo yochokera ku nyanja ya Erie imalowa ngakhale mutavala majekete awiri. Munthu amene simunamuonepo amakupatsani mbale, n'kukufunsani kuti lero tipambana kodi, ndipo nonse mumayankha kuti inde ngakhale mitima ikudziwa zina. Kenako gulu lonse limanyamuka wapansi kulowera ku bwalo la m'mphepete mwa nyanja. Pamenepo ndi pamene ine mlendo ndinasandukira wa ku Cleveland. Malo amenewo ndi pamene panali bwalo lakale la 1964, ndipo latsopanoli, limene linatsegulidwa mu 1999, linamangidwa makamaka ndi ndalama za anthu, kuphatikizapo msonkho wa mowa ndi fodya umene anthu a m'boma la Cuyahoga anavota kuti apitirize kulipira.

Tsopano mwasankha kusamukira ku Brook Park, pafupi ndi bwalo la ndege la Hopkins, kukamanga bwalo lofoleredwa, limene poyamba munati lidzadya madola 2.4 biliyoni, loti litsegulidwe mu 2029 pangano la bwalo lakale likatha. Mu Juni 2025 boma la Ohio linavomereza kuikapo madola 600 miliyoni ochokera ku thumba la ndalama zimene eni ake sanazitenge, monga za m'maakaunti oiwalika a kubanki ndi malipiro amene sanafike kwa eni ake. Ndalama zimenezo zili ndi eni, ambiri mwa iwo anthu wamba amene sadziwa n'komwe kuti boma likuwasungira kanthu. Lamulo limene linapangidwa mu 1996 kuti zimene anachita Modell zisadzachitikenso linasinthidwa nthawi yomweyo kuti lisakutsekerezeni njira. Ndikudziwa kuti Brook Park si Baltimore, ndi ulendo wa mphindi zochepa pagalimoto. Koma kwa mzinda umene unabedwapo timu, mawu akuti kusamuka amatsegula chilonda chakale. Ndipo eni malesitilanti, mabala ndi mahotela a pakati pa mzinda, pamodzi ndi antchito awo, amadalira Malamulungu amenewo.

Kwathu kumene ndinachokera, timu ikathera pansi pa ligi imatuluka, ndipo mwini wake amamva kuwawa m'thumba. Mu ligi yathu ya NFL mulibe kutuluka. Timu yothera pansi ndiyo imapatsidwa mwayi woyamba wosankha, ndipo ndalama za makanema zimagawidwa mofanana, zoposa madola 400 miliyoni pa timu iliyonse pa chaka. Timu imene munaigula pa madola pafupifupi 1 biliyoni lero mtengo wake wakwera kangapo, ngakhale yagonja chotere. Ndiye kuti kugonja konseku amene akulipira ndi ife: ndi matikiti, ndi msonkho, ndi Malamulungu athu. N'chifukwa chake kupempha ndalama za anthu musanawapatse timu yoti anyadire kukutiwawa chonchi.

Sindikukhulupirira kuti ndinu anthu osatha kuyendetsa timu. Munathandiza kupulumutsa timu ya mpira wa miyendo ya Columbus Crew pamene inkafuna kusamutsidwira ku Austin, ndipo ili m'manja mwanu yatenga chikho cha ligi ya MLS mu 2020 ndi 2023. Kumeneko munamva kulira kwa ochemerera, munaika anthu odziwa ntchito n'kuwasiya agwire. Sindikukhulupiriranso zoti timu yathu inalodzedwa, monga amanenera ena. Detroit nayonso inagonja masewero onse 16 mu 2008. Mu 2021 inalemba mphunzitsi Dan Campbell ndi mkulu wosankha osewera Brad Holmes, chaka choyamba inapambana atatu okha, eni ake sanagwedezeke, ndipo pofika 2024 inapambana masewero 15 mwa 17. Ndi mzinda wa mafakitale ngati wathu, wa chisanu ngati chathu, ulendo wa maola atatu osakwana kuchokera pano.

Choncho, mwaulemu, ndikupempha izi:

1. Munene poyera kuti ndani ali ndi mawu omaliza pa kusankha osewera, ndipo mulonjeze kuti inu eni ake simudzalowerera pa ntchito imeneyo. Zikalakwika tidziwe wofunsa, zikayenda tidziwe woyamika.

2. Mphunzitsi ndi mkulu wosankha osewera azilembedwa kuti agwire ntchito limodzi, apatsidwe nthawi yodziwika ndi zolinga zodziwika. Asachotsedwe chifukwa cha mkwiyo wa usiku umodzi, asasungidwenso chifukwa choopa manyazi.

3. Musadzagulitsenso tsogolo la zaka zitatu chifukwa cha munthu mmodzi. Quarterback wachinyamata amene mwamusankha mumumangire khoma la omuteteza ndi anthu omuwakhira mpira, kenako mumupatse nyengo zokwanira musanamuweruze.

4. Mulankhule ndi amayi ochemerera timuyi pa nkhani ya 2022, pamaso ndi pamaso, osati kudzera m'chikalata cha ofesi. Muwamvere, ndipo mulembe poyera mfundo za khalidwe zimene timu idzatsata polemba osewera, kaya ndi waluso chotani.

5. Mutsimikize polemba kuti ndalama iliyonse yopitirira pa mtengo wa bwalo la ku Brook Park idzachokera m'thumba lanu, ndiponso kuti ngati msonkho umene mukuti bwalolo lidzabweretsa sudzakwana kubweza madola 600 miliyoni aja, otsalawo mudzabweza ndinu.

6. Mulengeze mitengo ya matikiti ndi ya ziphaso zopatsa munthu ufulu wogula matikiti a mpando wake nthawi ikadalipo, ndipo musunge gawo lenileni la mipando yotsika mtengo. Mabanja amene akhala ndi matikiti a nyengo yonse kuyambira 1999, ena kuyambira m'bwalo lakale, asatayike chifukwa cholephera kugulanso mpando umene akhalapo zaka zonsezi. Dawg Pound ikhale ya anthu omwe aja, ndipo pakhale malo oti mwambo wa ku Muni Lot upitirire popanda kulipiritsa anthu mtengo woboola m'thumba.

7. Malo a m'mphepete mwa nyanja musawasiye bwinja. Mugwire ntchito ndi mzinda mpaka asanduke malo oti ana a ku Cleveland azifikapo, ndipo antchito a m'bwalo lakale akhale oyamba kuganiziridwa m'latsopano.

8. Kamodzi pa chaka, nyengo ikatha, mukhale pansi ndi ochemerera wamba m'holo yotseguka, muyankhe mafunso amene sanasankhidwiretu.

Mnansi wanga uja ndinamuwerengera kalatayi ndisanaitumize. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandipempha ndiwonjezere chinthu chimodzi: kuti pa khomo la bwalo latsopano padzakhale malo olembapo mayina a timu ya 1964, onse, ndi amene ankakhala pa benchi omwe. Ndalonjeza kuti ndikuuzani, ndipo limenelo likhale pempho la 9.

Ndidzayembekezera yankho lanu, kaya kwa ine kaya kwa mzinda wonse.

Ine wanu mwaulemu,
Wochemerera Browns wokhala ku Cleveland